Madzi m'Kompyuta ya Zuhura

Shomari Kibwana anakonza mafiriji kumsika wa Kariakoo zaka makumi awiri asanagwire kompyuta. Atasintha ntchito, luso la mapaipi anapita nalo. Aliyense wofuna kuti kompyuta yake iziziziritsidwa ndi madzi ankalozeredwa ku kashopu kake. Ankatenga paipi yolimba yoonekera m'kati, n'kuifewetsa ndi mpweya wotentha, n'kuipinda ndi manja mpaka ikhote popanda khwinya.

Chaka china dzanja lake lamanja linayamba kunjenjemera. Dokotala anamuuza kuti nthendayo sibwerera m'mbuyo. Shomari sanauze munthu, ngakhale mkazi wake. Kasitomala akalowa, dzanjalo ankalibisa m'thumba.

Mu Januwale, dzuwa likuswa mtengo, kunabwera Zuhura, mayi wojambula makanema a maukwati ku Kinondoni, atanyamula kompyuta yake m'chitenje.

"Bambo, chinthuchi chandikwana," anatero. "Ndikangoyamba kulumikiza kanema chimalira ngati chigayo, kenako n'kuzima. Akwati sakundipatsa mpata wopuma."

Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi cha mapaipi owongoka, oonekera ngati magalasi, madzi obiriwira akuyenda m'kati.

"Ndikufuna zoterezi. Anthu akuti ndi inu nokha mumazitha."

Shomari anayang'ana chithunzicho kwa nthawi, kenako anati abwere Lachinayi.

Zipangizo ankagula kwa Hemedi, mnzake wa paubwana, amene anali ndi sitolo kuseri kwa msika. Hemedi atamva za ntchitoyo anatsitsa mkombero wa paipi yakuda yofewa n'kuuponya patebulo.

"Tenga iyi. Ungodula, kuveka, kumanga, basi. Ngakhale dazi lakolo likhoza kukwanitsa lokha."

"Imeneyo ukagulitse kwa omanga mabafa," anayankha Shomari. "Mwini wake akufuna yolimba."

"Mwini wake akufuna kompyuta yosazima. Ngati wakakamira yolimbayo, tenga zolumikizira zokhota zambiri. Usapinde kanthu, uzingodula zowongoka."

"Polumikiza paliponse ndi khomo la madzi. Ukundiphunzitsa ine lero?"

Hemedi anasiya kuseka. "Shomari, dzana ndimakuona ukuthira shuga m'tiyi. Theka linathera patebulo."

Shomari anayang'ana kumsewu, kumene anthu ankakankhana ndi ngolo za katundu.

"Ndipatse zolimba zisanu ndi imodzi, za mamilimita khumi ndi anayi," anatero. "Zolumikizira khumi za muyeso womwewo."

Hemedi anakulunga katunduyo n'kumupatsa.

Ntchito imene kale inkamutengera m'mawa umodzi inamudyera masiku awiri. Paipi yoyamba inatuluka matuza chifukwa anachedwa kuichotsa pa mpweya wotenthawo. Yachiwiri inakhota mbali ina, dzanja litagwedezeka pa nthawi yolakwika. Pofika Lachitatu madzulo zinayi zinali m'dengu la zinyalala, ndipo pa ziwiri zotsalazo anadulapo tizidutswa tonse tofunika mosatsala kanthu.

Kadutswa komaliza kanali kochokera pamwamba, kutsikira ku pampu. M'kati mwa cholumikizira chilichonse mumakhala kamphira kozungulira kotseka madzi, choncho nsonga ya paipi iyenera kusalazidwa kuti isakang'ambe. Akusalaza, dzanja linadumpha, nsongayo n'kubenthuka pang'ono. Kuifupikitsa sikukanatheka. Paipi ina inali kwa Hemedi, mtunda wa mphindi zisanu wapansi.

Shomari sanadzuke pampando: sanafune kuti Hemedi amuone akubwerera. Kenako anapala nsongayo ndi sandipepa n'kuikankhira m'cholumikizira. Anamva kenakake kakugonja m'kati, koma anamanga.

Mwambo wake unali woyendetsa pampu yokha tsiku lathunthu, atayala mapepala pansi pa zolumikizira zonse, kuti aone ngati pagwe dontho. Zuhura anafika Lachinayi m'mawa, patangopita maola anayi. Mapepala anali ouma.

"Bambo inu, manja anu ndi odalitsika," anatero akujambula mapaipiwo ndi foni. Shomari anamusiya anyamule.

Patapita masiku asanu ndi anayi Zuhura anabweranso, chitenje chomwe chija chili chonyowa. Anati masana, ali pakati pa ntchito, anamva kuthetheka, kenako fungo la pulasitiki yopsa. Shomari atatsegula anaona mzere wa madzi obiriwira utatsika pa bolodi lalikulu la kompyutayo n'kukathera pa kachipangizo kosungira makanema. Kanali katapserera bii.

"Munali ndi pena posungira?" anafunsa.

"Makadi a kamera ndinafufuta Loweruka lapitali, ndinali ndi ukwati wina." Zuhura anakhala pansi pa bokosi. "M'menemo munali ukwati wa ku Temeke. Bambo a mkwatibwi, a Mwinyimvua, anamwalira patangotha masiku anayi chichitikire ukwatiwo. Banja lonse likudikira kanemayu kuti liwaonenso."

Shomari anamasula cholumikizira cha pamwamba n'kutulutsa kamphira. Kanali kong'ambika mbali imodzi, ngati kalumidwa ndi khoswe.

"Ndi katundu wachinyengo, eti?" anatero Zuhura. "Tiyeni kwa amene anakugulitsaniyo. Ndikufuna ndimuone nkhope."

Shomari anatulutsa dzanja m'thumba n'kuliika patebulo. Linkagunda thabwalo lokha, tizitsulo tating'ono n'kumalira.

"Katunduyu alibe vuto, mayi. Wogulitsayo anandiuza kuti nditenge paipi yofewa, ine n'kukana. Kamphiraka ndinakang'amba ndine, ndipo ndinamva kakung'ambika."

Zuhura anayang'ana dzanjalo. Sanakalipe.

Kachipangizo kopsako Shomari ndi Zuhura anapita nako kwa akatswiri awiri, wina ku Posta, wina ku Mwenge. Onse anakabweza. Atachoka kwa wachiwiriyo, Zuhura anaima pamthunzi wa sitolo n'kunena kuti, "Mawa ndikupita ku Temeke. Sindikawauza ndekha. Mupite nane."

M'mawa mwake anakwera basi yodzaza. Kunyumbako anawayalira mkeka pakhonde. Mayi wamasiye anali adakali m'masiku obindikira, choncho anakhala kuseri kwa katani ya pakhomo, mwana wake mkwatibwi uja atakhala pakhomo penipenipo. Shomari anafotokoza zonse mmene zinayendera, kuyambira kwa Hemedi. Za mapaipi anthuwo sanamve bwino, koma anamva kuti kanema kulibe.

Mkwatibwiyo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Kenako mawu a mayi wamasiyeyo anachokera kuseri kwa katani.

"Mwanangu Zuhura, tsiku lija ine ndinali ku mapoto ndi azimayi. Bambo ake akulankhula sindinamve. Ndinkati ndidzamvera pa kanema. Iwe unawamva?"

"Ndinawamva, amayi. Pokonza ndinabwereza kangapo."

"Ndiuze."

Zuhura anatseka maso. Anati a Mwinyimvua anayamba ndi kuthokoza alendo ochokera ku Kilwa, kenako anaseketsa anthu ponena kuti mwana wawo sadziwa kuphika mpunga koma mkamwini asamubweze. Anatchulanso mkazi wawo, kuti anawapirira zaka makumi atatu.

"Anati chiyani kwenikweni pamenepo?" anafunsa mayiyo.

Zuhura anayesa. Anayamba chiganizo, n'kuchisiya, n'kuyamba china.

"Pepani amayi. Mawu ake enieniwo andithawa."

"Yesanso pang'ono."

Shomari anakhala pamkekapo mutu uli pansi, akumvetsera Zuhura akuyambiranso pa alendo a ku Kilwa.