Machesi a m'sokosi

Masautso Kampango anali atakonzetsa kale pasipoti, ndipo sabata yonseyo ankayenda nayo m'thumba la ovolosi ngati kuti ndege idzamutengera pamsika wa Lifuwu. Akakhala pansi mwendo unkangonjenjemera. Akaimirira ankafuna kukhala. Mkazi wake anafika pomuuza kuti azikamwera tiyi panja chifukwa ankagwedeza tebulo.

Nkhani yake inali iyi. Chaka chapitacho kunabwera anthu a kafukufuku, ena a ku yunivesite ya konkuno, ena ochokera ku Jeremani. Anatchinga malo pafupi ndi minda ya mpunga, nayala masola mizere isanu ndi itatu, naika kontena yoyera. M'kontenamo munali makina ogawa madzi pawiri ndi mphamvu ya dzuwa, n'kutulutsa mpweya wotchedwa haidirojeni. Mpweyawo ankausunga m'matanki kuti tsiku la mitambo uziyendetsa jenereta, chigayo cha mpunga chisaime, ndipo ayezi wa nsomba za ku Mbenji asasungunuke. Alendowo sankafuna kuti akadzachoka makinawo adzasanduke chisa cha makoswe, choncho anaphunzitsa amisiri a m'deralo miyezi inayi. Pa asanu ndi awiri panatsala awiri, ndipo mmodzi yekha ndiye ankayenera kupita ku Jeremani kukaphunzira miyezi isanu ndi umodzi.

Kwa Masautso, mmodziyo ankadziwika kale. Iye anayamba kuwotcherera zitsulo ndi moto wa mpweya wa kabayidi ali ndi zaka khumi ndi zisanu, sukulu atailekezera Sitandade 6. Anawotcherera mapaipi ku Joni, maboti padoko la Beira, matanki a mafuta ku Mbeya. Anadzimangira yekha nyumba ya malata ndi shedi yogwiriramo ntchito. Dziko limene linali lisanaone moto wake linali la azungu lokha.

Winayo anali Edina Mtambo, mayi wa ana awiri amene ankakonza nyali za batire za asodzi a usipa. Edina ankalemba chilichonse m'kope ndipo ankafunsa mpaka aphunzitsi kuuma kukhosi. Masautso sankafunsa. Munthu wa imvi angafunse bwanji pamaso pa ana? Ankangogwedeza mutu n'kumati, "Inde, inde, zimenezo tinazionako ku Joni."

Tsiku la mayeso kunacha ndi mwera. Pageti panali bokosi la masiku onse losiyamo foni, makiyi, machesi ndi chilichonse chotha kuthetheka. Masautso anakhuthula matumba onse mpaka kuwatembenuza. Mkati anapeza Dokotala Temwani Nyirenda, mphunzitsi wawo wamkulu, ali ndi injiniya wina wa ku Jeremani amene anthu ankangomutcha Mayi Bigiti.

"Aliyense ali ndi paipi yake," anatero Temwani. "Tamasula pang'ono polumikiza penapake, mpweya ukutuluka. Mpweya wa lero tausakaniza kuti usayake, koma muugwire ngati weniweni. Mphindi khumi. Pezani pamene pakutuluka."

Patebulo panali mabotolo awiri a madzi a sopo ndi kachipangizo kamodzi kolira kakamva mpweyawo. Temwani anati alandizane, koma Masautso anakakankhira kwa Edina.

"Tenga kachidole kako, mwana wa mlongo wanga. Ine ndinabadwa ndi kanga." Anagwira mphuno.

"Bola isakhale ndi chimfine, amalume," anatero Edina.

Mphuno imeneyo inali isanamunamizepo. Mpweya wa kabayidi umanunkha ngati adyo wowola, ndipo iye ankaumva ali kutsidya kwa msewu. Anagwada, nayendetsa nkhope m'mbali mwa paipi. Anamva penti. Anamva chitsulo chotentha ndi fungo la matope a m'minda ya mpunga. Mpweya, ayi. Anabwerera poyambira, nanunkhizanso. Anayang'ana botolo la sopo, mtima nukana: sopo ndi wa okonza machubu a kabaza. Atagonja n'kuthira pang'ono, mwera unauluza thovulo lisanatupe.

"Zatsala mphindi zitatu," anatero Temwani.

Kumbuyo kwake kachipangizo ka Edina kanayamba kulira. Thukuta linalowa m'maso mwa Masautso. Pasipoti inkamubaya pachifuwa. Ndipo dzanja, lokha, osamufunsa mwiniwake, linatsikira kumwendo.

Ku Joni anaphunzira kusunga machesi m'sokosi chifukwa a m'thumba ankapita ndi opisa m'matumba. Zaka makumi awiri bokosi la machesilo linakhala mmenemo, mpaka anasiya kuliona ngati katundu, linangokhala ngati chala cha kuphazi. Ndipo mmisiri aliyense wa kabayidi amene iye anagwira naye ntchito ankadziwa njira yomaliza: mphuno ikalephera, yatsa kamtengo, yendetsa m'mbali mwa paipi, pamene kamoto kalumphe ndi pomwepo.

Kamtengo kanali katakhudza kale m'mbali mwa bokosi pamene dzanja lina linamugwira pamkono.

"Amalume, ayi," anatero Edina chapansipansi. Anaima momutchinga kuti aphunzitsi asaone. Koma mkono wa Masautso unadzidzimuka, bokosi linagwa, machesi namwazika pasimenti.

Mayi Bigiti anawerama, natola kamtengo kamodzi, nakayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananena mawu ochepa kwa Temwani.

"Akufunsa kuti sabata yachiwiri tinakuuzani chiyani za fungo la mpweya umenewu," anatero Temwani.

Masautso anayang'ana machesi aja.

"Tinati ulibe fungo, bambo Kampango. Tinati moto wake suoneka masana, munthu amangozindikira akupsa. Munati inde."

"Ndinati inde."

"Koma sanayatse, adokotala," anatero Edina. "Ndinaona ndine. Anangogwira."

Khomo lothawira linali limenelo, lotsegula. Masautso analiona bwinobwino. Iye amene anatsutsapo wapolisi wa ku Beira m'Chipwitikizi mpaka wapolisiyo kupepesa, sakanalephera kupota nkhani ya kabokosi kamodzi. Koma anayang'ana matanki atatu aja kuseri kwa waya, odzaza mpweya weniweni, ndi amayi amene ankaanika mpunga panja pa mpanda.

"Ndikanayatsa," anatero.

Dzina limene linalembedwa pakalata yopitira ku Jeremani linali la Edina.

Masautso anatuluka osatsanzika. Anafika pamsika, osagula kanthu. Anafika kushedi, natsegula, natsekanso. Analowera njira ya kunyumba, koma atakumbukira kuti mkazi wake wachapa kale jekete la ulendo, anabwerera. Dzuwa lisanapendeke anapezeka alinso pageti paja, pamene Edina ankadikira kabaza.

"Kumene ukupitako kumazizira," anayamba Masautso. "Usamvere za majuzi a pamsika. Ndili ndi jekete la ku Joni, chisanu chimalithawa. Ndipo akakupatsa nyama yofiira mkati, usachite manyazi, ubweze."

"Zikomo, amalume."

Anakanda kumutu. "Kope lako lija. Ukupita nalo?"

"Mukufuna mulitani?"

"Kuyatsira mbaula. Ukuganiza kuti ndilitani?"

Edina anaseka, nalitulutsa m'chikwama. "Muli masamba makumi asanu ndi limodzi. Muwerenga?"

"Ine ndinaphunzira Chizulu miyezi iwiri, pansi pa galimoto. Masamba ako ndiwamaliza Loweruka." Analitsegula, naona mizere yothinana, nalitsekanso. "Kapena Loweruka linalo. Adokotala akuti mwina chaka chamawa atumizanso wina."

"Akuti mwina."

"Mwinayo ndi ine."

M'mawa mwake mlonda wa pageti anadabwa kuona Masautso akukhala pamwala, kuvula nsapato, kuvula sokosi, n'kuzikutumula imodziimodzi pamaso pake. Anaika foni ndi makiyi m'bokosi. Anatulutsa pasipoti, naiyang'ana, naiikanso m'bokosi momwemo. Kenaka analowa ndi kope kukhwapa, akufuula dzina la Temwani asanafike n'pakontena pomwe, chifukwa pa tsamba loyamba lokha anali ndi mafunso anayi.