Tsiku Limene a Mawaya Anachotsedwa Ntchito

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu, pa ukwati uliwonse wa pachibale, wovinitsa anthu anali amalume. Ana anawapatsa dzina loti a Mawaya, chifukwa pofika paholo ankatsika galimoto atadzikulunga mawaya m'khosi ngati mpango. Sipika yawo ya kumanzere inkatsokomola nyimbo ikafika pokoma, koma eni ake ankati imeneyo ndiye ya mawu.

Ndiye tangoganizani mmene nkhope yawo inagwera tsiku limene mwana wamkazi wa mchemwali wawo anabwera kudzanena kuti pa ukwati wake wapeza DJ.

"Ndi mayi wodziwa ntchito, amalume. Inu mudzapumeko."

"Ndidzapume? Ndinakuuza kuti ndatopa ine?"

Zinawawawa, osati pang'ono. Mwana amene anamuphunzitsa okha kupalasa njinga bambo ake atamwalira, lero n'kuwachotsa ntchito! Sabata yonse sanayankhe foni yake.

Tsiku la ukwati anabwerabe, atavala suti, mawaya ndi sipika yotsokomola ija atazibisa kumbuyo kwa galimoto. Mulungu awakhululukire, m'mawa umenewo anapempherera kuti makina a mayiyo apse.

Kumpando wawo sanapiteko n'komwe. Anakaima pafupi ndi tebulo la DJ, manja kumbuyo, kusaka cholakwika. DJ uja anali mayi wamfupi, wosachedwa kuseka, laputopu patsogolo.

"Waya uyu anthu apunthwa naye," anatero a Mawaya.

"Ndamumata kale pansi, bambo."

"Sipika iyo ikulankhula ndi khoma."

Mayiyo anaitembenuza pang'ono n'kuthokoza. Ulemu wakewo ndi umene unawapsetsa mtima kwambiri. Ukangana naye bwanji munthu wotere? Nyimbonso zinkatuluka mbee, popanda chifuwa.

Anthu atatha kudya, achinyamata anadzaza pabwalo, koma akuluakulu ali phee m'mipando. DJ anawakodola a Mawaya.

"Bambo, awa ndi anthu anu. Amadzuka ndi chiyani?"

Anafuna kumumana, koma pakamwa panawapereka.

"Mukuwaona azakhali a chipewa chachikasu awo? Ikani yakale, ya malipenga. Akadzuka iwowo, mzere wonse udzuka."

Malipenga atangolira, chipewa chachikasu chinanyamuka, bondo lodwala lija laiwalika, mzere wonse pambuyo. A Mawaya anakonza tayi. Dzanja lawo linayamba kuyenda lokha kupita ku batani lokwezera mawu.

DJ analigwira dzanjalo mofatsa, anatsitsa nyimbo n'kutenga maiki.

"Pondilemba ntchito, mkwatibwi anandipatsa lamulo limodzi lokha," anauza holo yonse. "Anati, 'Ikani nyimbo zilizonse, koma amalume anga asakhudze batani. Ndikufuna manja awo akhale opanda kanthu.'"

A Mawaya anacheuka. Mkwatibwi anali ataima kumbuyo kwawo, atanyamula diresi m'mwamba pang'ono kuti lisakole mawaya.

"Amalume, maukwati onse ndakhala ndikukuonani kuseri kwa tebulo. Bambo kulibe. Mukakhalanso kumeneko lero, ine ndivina ndi ndani?"

Bambo wamkulu anapisa dzanja m'thumba. Misozi inangoti mbwe, mpango osaupeza. M'thumba munali tepi yomatira mawaya basi.

Koma abale inu, kuvina kwake! Zaka zonsezo kuvinitsa anthu, kani mwini wake sadziwa kuponya phazi! Nyimbo ikapita kumanja, iwo kumanzere. Diresi analiponda kawiri. Mchemwali wawo, mayi a mkwatibwi, ankalira uku akuseka mpaka kugwira nthiti, azakhali a chipewa akukuwa kuti, "Achimwene, mawondowo si obwereka, apindeni!"

Nyimbo itayamba kuzilala, a Mawaya anatembenukira ku tebulo lija, thukuta kamukamu, dzanja la mwana wawo osalisiya.

"Mayi DJ! Mwaizimiranji? Ibwerezeni, ndangoyamba kumene!"

Sipika yotsokomola ija inaswera m'galimoto tsiku lonse.