Msonkhano Wopanda Pemphero

Dorica anamva nkhaniyi akumanga zingwe za nsapato za a Dave. Makina opangira magetsi ndi mphepo, amene anaima pachitunda kuseri kwa mudzi wa a Dave, anali atakalamba. Kampani ya makinawo inati iwazula n'kuika ena akuluakulu. Mapiko a makina atsopanowo anali aatali kwambiri, moti malole owanyamula akanatseka kamsewu ka m'mudzimo m'mawa uliwonse kwa miyezi ingapo.

Tsono m'mawa ndiyo inali nthawi ya Dorica. Ankanyamuka kunyumba kwake ku Evington, ku England, pagalimoto kukadzutsa a Dave, nkhalamba yodwala shuga yokhala yokha, kuwasambitsa ndi kuwapatsa chakudya pa nthawi yake. Mwana wawo anali atanena kale kuti wowasamalira akayamba kuchedwa, awapititsa kunyumba yosungira okalamba. A Dave ankaiopa nyumbayo kuposa imfa, ndipo Dorica anawamvera chisoni kwambiri.

Kampani inaitanitsa msonkhano muholo ya m'mudzimo, koma Mapopa, mwamuna wa Dorica, sanafune n'kumva komwe. Iye ankaona ngati aliyense wovala tayi ku England amagwira ntchito ku imigireshoni.

"Amayi a Lusubilo, ife tili pa viza. Mukakakomplena, dzina lanu alilemba. Za eni mudzi zisiyeni."

Loweruka masana Dorica anapitabe, mtima uli m'mwamba. Anakhala pampando wakumbuyo, chikwama pamiyendo, kudikira kuti wapampando aimirire, wina atsegule ndi pemphero, alendo adziwitsidwe, kenako iperekedwe nthawi ya mafunso. Anthu ankangoyendayenda, kuyang'ana mapu pamakoma, kumwa tiyi n'kumatuluka. Iye anangoti kani azungu nawonso amachedwa kuyamba misonkhano.

Kenako anaona antchito a kampani akuyamba kumatula mapu aja. Anafuna kuimirira, koma munthu ungalankhule bwanji usanapatsidwe mpata?

"Mwakhaliranji ngati muli pamaliro?"

Anali mayi Afsana, mnansi wake wa ku Evington, mmwenye wobadwira ku Limbe amene amagawa mankhwala a kufamase m'midzi imeneyo. Dorica anawauza kuti akudikira msonkhano uyambe.

"Uyambe? Ukutha, mwanawe. Iyi amati drop-in. Palibe tcheyamani, palibe pemphero. Umapita wekha kwa munthu wa kampani n'kumuuza vuto lako."

Dorica anatchula za viza. Mayi Afsana anamufotokozera kuti msonkhano wotere ndi wa aliyense amene ntchitoyo imukhudza, kaya ndi nzika kaya ayi, ndipo kunena maganizo sikukhudzana ndi mapepala a munthu. Anati khonsolo imayamba yaona madandaulo a anthu isanavomereze ndondomeko ya malole, koma imaona okhawo amene anenedwa. Anamugwira dzanja n'kumukokera kutsogolo.

Mayi wina wa kampani anali atapinda kale mapu omaliza. Dorica anapempha kuti awatambasulenso. Chala chake chinalunjika pakamsewu kaja. Ananena za a Dave, za chakudya chawo cha m'mawa, ndi za okalamba ena a m'mudzimo amene amadikira owasamalira.

Mayiyo anayang'anitsitsa mapuwo, ndipo Dorica anaganiza kuti walakwitsa. Kenako mayiyo anavomera kuti iwo a kampani anaganizira za basi ya ana a sukulu ndi alimi, koma za osamalira odwala panalibe amene anawauza. Analemba zonse, n'kufunsanso mafunso ambiri.

Yankho silinabwere msanga. Milungu imeneyo Mapopa ankadzidzimuka foni ikalira. Pomaliza ndondomeko inatuluka itasinthidwa. Malole aziyenda dzuwa litakwera, osamalira odwala atadutsa, ndipo panaikidwa nambala yoimba pakagwa zadzidzidzi. Mapopa anayamba kuuza anzake kutchalitchi kuti ndiye anamulimbikitsa mkazi wake.

Tsiku limene phiko loyamba linadutsa, a Dave analionera pawindo la nyumba yawo, atasamba komanso atadya.

Makina akale akamasinthidwa, magetsi ndi a tonse, koma mavuto a pamsewu amawadziwa ndi amene amayendapo. Mukamva kuti akufunsa maganizo a anthu, pitani, funsani mmene msonkhanowo ukuyendera, ndipo nenani zanu. Musadikire kuitanidwa ndi dzina.