Maso a Kachewere

"Ndati thumba limeneli silituluka pakhomo pano!"

"Lituluka. Kodi kachewereyu analima ndani?"

"Munalima ndinu, a Vinsenti. Nanga amene wakhala akumutembenuza pathandala miyezi inayi yonseyi ndani?"

Vinsenti anatapa kachewere wina ndi manja awiri n'kuthira m'thumba. Mkazi wake Anastazia, amene anagwada mbali inayo, anapisa dzanja m'thumba momwemo n'kutulutsa atatu, n'kuwabwezera pathandala mosamala ngati mazira. Ntchito imeneyi anayiyamba dzuwa likutuluka: mwamuna kuthira, mkazi kutulutsa.

Kachewereyo sanali wakudya. Inali mbewu. Anamusankha mmodzimmodzi atakumba, namuyala pathandala m'kachipinda kolowa mphepo, ndipo tsopano aliyense anali atatulutsa maso, timphukira tofiirira tonenepa ngati nsonga ya chala cha khanda. Mizere inali yolima kale kumunda wa m'mbali mwa phiri. Mvula inali itakhazikika. Chotsala kunali kubzala basi. Koma kunalinso kutatsala masiku atatu kuti ikwane Khrisimasi, Khrisimasi yawo yoyamba m'banja.

"Sindikugulitsa yense. Thumba limodzi lokha," anatero Vinsenti.

"Thumba limodzi ndi theka la munda. Theka linalo mubzalamo chiyani? Diresi?"

"Wayamba mwano tsono."

"Si mwano. Sunga khosi, mkanda udzavala. Khrisimasi ndi tsiku limodzi, amuna anga, njala ya Febuluwale ndi mwezi wathunthu." Anastazia ananyamula kachewere mmodzi n'kumuyandikiza kunkhope kwa mwamuna wake. "Inu mukuopa maso a anthu. Nanga maso awa simukuwaona?"

Vinsenti anayang'ana kumbali. Mawuwo anamulasa chifukwa anali oona. Iye anali mkamwini m'mudzi umenewu kwa Kaphuka. Anabwera mu Ogasiti ndi njinga, khasu ndi kachikwama ka zovala, apongozi n'kumulozera munda. Zinthu zinafika poipa sabata yatha, pamene Gerevazio, mwamuna wa Falesi mkulu wake wa Anastazia, anatsika basi ya ku Joni ndi zikwama zitatu. Munali mabulangete a ubweya, choimbira chachikulu chonga mbiya, ndi nsapato zazitali chidendene za Falesi. Kuyambira tsiku limenelo amayi a m'mudzi ankati akafuna kusiyanitsa akamwini awiriwo, wina ankamutcha wa ku Joni, wina wa khasu.

Ndipo Anastazia, mkazi wokongola koposa onse m'mudzimo, amene Vinsenti ankamulembera makalata m'makope a sukulu mpaka aphunzitsi kumugwira, ankapitabe kutchalitchi ndi bulauzi ndi chitenje chomwe chija cha pa chinkhoswe. Chinthu chimenechi chinkamudya Vinsenti mumtima. N'chifukwa chake kuyambira mu Okutobala, Lamulungu lililonse ankanyamuka yekha m'mamawa, ati kukakonzekera nyimbo za kwaya. Zoona zake n'zoti sankafuna kumva zimene anthu anganene m'njira akawaona ali limodzi.

Anamanga thumbalo pakamwa msangamsanga, nalikweza panjinga. Anastazia sanalimbane nayenso. Anangoima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Alamu, mwalawiratu!" Anali Falesi, akuchokera kuseri kwa nyumba yake, atavala nsapato zatsopano zija m'mawa wa tsiku wamba. "Ulendo wa ku Linthipe? Mwachita bwino. Ine ndimati mng'ono wangayu Khrisimasi avala thumba lomwelo."

"Alamu, mukadapita kumunda ndi nsapato zimenezo," anatero Vinsenti akumanga mphira. "Taonani mapando amene mwaboola pabwalopa. Pangotsala kuponyamo chimanga."

Falesi anacheuka. Zidendene zake zinali zitasiyadi timaenje m'matope kuchokera pakhomo pake. Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Pakamwa pokha mulipo, alamu! Tione ngati pakamwa pamagula mpunga."

Njira ya ku Linthipe inali yotsetsereka, ndipo njinga inkathamanga yokha. Kumbuyo kwake Phiri la Dedza linali litafunda nkhungu mpaka m'mapewa. Vinsenti sanaone zonsezo. M'mutu mwake munali diresi lachikasu la mabatani oyera limene analiona pamsika masabata awiri apitawo. Ankamuona Anastazia atalivala, akulowa m'tchalitchi kwaya ikuyamba nyimbo yolowera, ng'oma zikugunda, amayi onse makosi atapotoka. Ankamuona Falesi akumeza malovu. Ankadziona yekha ali pamzere wa anyamata a besi, akuimba ngati sakudziwa kanthu. Akanagulanso nkhuku, mpunga wonunkhira, ndi fanta ziwiri. Ayi, zinayi, kuti apongozi nawo amweko.

Msika unali utapenga. Zoimbira zinkalimbana mbali zonse, wina nyimbo za Khrisimasi, wina zovina. Nkhuku zomangidwa miyendo zinali mbwee pansi. Anyamata a kaunjika ankakuwa atakwera pamilu ya zovala, azimayi akukokerana malaya a ana. Aliyense ankayenda mofulumira ngati mawa zinthu zitha padziko. Diresi lija linalipo, likugwedezeka ndi mphepo pamsomali womwe uja.

"Achimwene a diresi, mwabwera!" anatero mayi wogulitsayo atamuzindikira. "Lero mutenga?"

"Musalitsitse. Ndikubwera pompano."

Anakankha njinga mpaka kumsewu, kumene Kizito ankagula kachewere kwa alimi n'kumagulitsa m'ndowa kwa a magalimoto opita ku Lilongwe. Kizito anali munthu wamfupi, wa chipewa choluka, wosapsatira mawu. Anamasula thumbalo, nasuzumira, naimba mluzu.

"Achimwene, mwanditengera kachewere kapena nungu?"

"Ndi mbewu imeneyo. Yosankha."

"Mbewu mukagulitse kwa alimi. Ndipo sabata ino mlimi amene akugula mbewu mumupeza kuti? Onse ali ku kaunjika uko. Ine makasitomala anga ndi mabwana a ku Lilongwe, ndipo bwana sagula kachewere wa ndevu."

Mtengo umene anatchula unali wochititsa manyazi. Ukanagula diresi lokha, popanda nkhuku, popanda mpunga. Vinsenti anakangana naye, nalumbira, nayerekeza kumanganso thumba. Kizito anangoyasamula. Kutali pang'ono diresi lija linkaonekabe, chikasu chake chikuwala pakati pa zovala zina.

"Chabwino," anatero Vinsenti motsitsa mawu.

"Mwaganiza ngati mwamuna. Dikirani ndione ngati pansipa simunaikepo owola."

Kizito anakhuthulira kachewereyo pa chiguduli, nakhala pa ndowa yovundikira. Anatola mmodzi, nayendetsa chala chachikulu mozungulira. Timphukira tonse tinathothoka n'kugwera m'matope. Anamuponya m'ndowa, natola wina.

"Mukutani?" anafunsa Vinsenti.

"Ndikumumeta. Akametedwa, n'kumupukuta ndi kansanza, aoneka ngati wakumba dzulo."

Wachitatu. Wachinayi. Chala cha Kizito chinali chozolowera, sichinkachedwa. Nkhuku ina imene inadula chingwe inabwera n'kuyamba kujompha timphukirato.

Vinsenti anakumbukira tsiku lina mu Novembala, dzuwa likuswa mtengo, iye akuunga mizere. Anastazia anabwera akuthamanga kuchokera kunyumba, wefuwefu, mpango uli m'manja. Iye anaganiza kuti kwagwa zovuta. "Bwerani mudzaone," anatero mkaziyo, "wayamba kupenya!" Anathamanga onse awiri mpaka kukachipinda kaja, nagwada pathandala mitu itagundana, akuyang'ana kadiso kamodzi kakang'ono ngati kambewu ka mpiru. Tsiku limenelo anaseka ngati ana. Miyezi inayi yodikira, kutembenuza, kuthamangitsa makoswe, ndipo munthu uyu ankaichotsa ndi chala chimodzi uku akuyang'ana magalimoto.

Anagwira dzanja la Kizito.

"Basi."

"Basi chiyani?"

"Sindikugulitsa."

"Aa, achimwene, tagwirizana kale!"

"Ndalama yanu ikadali m'thumba mwanu. Kachewere wanga akadali wanga."

Anagwada m'matope momwemo n'kuyamba kubwezera mbewu m'thumba, osati motapa ngati m'mawa, koma mmodzimmodzi. Anatenganso ometedwa aja m'ndowa, nawamanga padera m'jekete yake. Anthu oyandikira anayamba kuseka.

"Taonani mlimi uyu!" anakuwa Kizito. "Pa Khrisimasi anzanu akudya nkhuku, inu mukadya maso?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero Vinsenti osadzutsa mutu.

"Nkhono! Mukadye nkhono yomweyo!"

Njira yotulukira inadutsa pomwe panali diresi paja. Vinsenti anafuna kuzemba, koma mayi uja anamuona.

"Ndilikulunge?"

"Lero ayi, mayi."

"Mawa simulipeza."

"Ndikudziwa."

Analiyang'ana kamodzi. Linali lokongoladi, ndipo likanamukhala Anastazia. Kenaka anakankha njinga.

Pobwerera unali mtunda wokhawokha. Mvula yowaza inayamba, matope n'kumamatira m'matayala. Anafika kumudzi dzuwa litapendeka, malaya atanyowa. Falesi anali pakhonde pake, nsapato zija atazivula, akupaka mafuta chithuza cha kuchidendene.

"Alamu! Thumba lapita, thumba labwera. Msika wakukanani?"

"Akuti zonse anagula kale a ku Joni."

Analowa m'kachipinda kaja n'kuima. Thandala linali mbee. Panalibe ngakhale kachewere mmodzi. Anatuluka mothamanga.

"Alamu, mbewu yotsala ija ili kuti? Nanga mayi a kunyumba kuno?"

Falesi analoza kuphiri ndi mlomo. "Akuti akukabisa pamalo pamene simungagulitse."

Anamupeza kumunda, dengu lili pambali, atawerama pamzere. Ankakumba kadzenje, kuika kachewere maso atayang'ana kumwamba, kukwirira, kusuntha. Mizere isanu ndi umodzi inali itatha. Anamva njinga koma sanacheuke.

"Diresi lanu kaikeni kunyumba. Kuno lida."

Vinsenti anatsitsa thumba n'kuliika pafupi ndi mapazi ake. Anastazia analiyang'ana, nawongoka pang'onopang'ono. Anamasula pakamwa, napisa dzanja, natulutsa mmodzi. Maso ena anali atathyoka ndi ulendo, koma ambiri analipo.

"Sanagule?"

"Amagula. Ndakana ndine." Anamasula jekete n'kuonetsa ometedwa aja. "Awa ndinachedwa kuwalanditsa."

Anastazia anawatembenuza m'manja. Anali osalala ngati mitu ya ana a sukulu.

"Amenewa ndiwo Khrisimasi yathu. Mafuta pang'ono alipo, tikazinga." Anapukuta mvula kumaso ndi mkono. "Tengani khasu. Mdima usatipeze."

Anabzala mzere umodzi, iye kukumba, mkazi kuika. Pamzere wachiwiri Vinsenti anaimika khasu.

"Linali lachikasu, Anastazia. La mabatani oyera. Ndimafuna ukamalowa m'tchalitchi anthu acheuke. Adziwe kuti sunalakwitse kukwatiwa ndi wa khasu."

"Ndani anakuuzani kuti ndinalakwitsa?"

"Palibe. Koma maso amalankhula."

"Ndiye n'chifukwa chake mumandithawa Lamulungu lililonse?"

Vinsenti anatsegula pakamwa. "Kwaya..."

"Kwaya iti? Ndinafunsa a Sibongile oimbitsa. Akuti mumafika tchalitchi chisanatsegulidwe n'kukhala pansi pa mtengo nokhanokha." Anatola kachewere wina m'dengu. "Ine ndimayenda njira yonse ija ndekha, kumbuyo kwa achemwali, ngati wamasiye. Anthu amacheuka kale, a Vinsenti. Amacheuka n'kumafunsana kuti banja la dzulodzuloli lavuta chiyani. Ine ndimayesa mukuchita nane manyazi."

"Iwe? Ndimachita manyazi ndi ine mwini!"

"Mukanandiuza. Miyezi itatu ndakhala ndikudziyang'ana pagalasi kufuna chimene chalakwika."

Mvula inali itakata. Kumudzi choimbira cha Gerevazio chinayamba kugunda, mawu ake akumveka mpaka kumundako. Vinsenti anayang'ana mkazi wake, matope mpaka m'zigongono, mpango utapendekeka, kachewere ali m'dzanja.

"Nanga iwe umafuna chiyani pa Khrisimasi? Sindinakufunse n'komwe."

Anastazia anawerama, naika kachewereyo m'dzenje, namutembenuza kuti maso ayang'ane kumwamba. Anakwirira ndi dzanja, napanda dothi pang'ono.

"Ndikufuna mundidikire," anatero. "Ndisambe, ndivale chitenje changa chomwe chija, titseke chitseko, tinyamuke limodzi. Osati inu patsogolo ine pambuyo. Pambali panga, mpaka pakhomo la tchalitchi. Amene akufuna kucheuka acheuke."