Malata a Mkamwini

A Moffat Mphepo anali mkamwini ku Njombwa. Nyumba yawo ya njerwa zootcha, yofolera malata, inamangidwa ndi ndalama za fodya, koma malo ake anali a mbumba ya akazi awo, a Dyna. Mitengo ya fodya itagwa ku okushoni, a Mphepo anaganiza zogulitsa nyumbayo kuti agule lole, ndipo sanauze munthu aliyense pakhomopo.

Poyamba anapita kwa ejenti wina wogulitsa nyumba pa boma la Kasungu. Ejentiyo anafunsa kuti malowo ndi a yani, ndipo atamva yankho anati, "Mukabwere ndi amayi pamodzi ndi mwinimbumba wawo." A Mphepo anatuluka osatsanzika, pakuti munthu wodzikuza amayesa langizo chipongwe. Anadzipezera okha wogula, a Lajabu a golosale, ndi kuwanamiza kuti banja lonse linavomereza kale.

Loweruka lina m'mawa, nyengo yothyola fodya, a Lajabu anafika ndi akazi awo, a Salima, kudzaona nyumbayo. Amuna aja akuzungulira kuseri, a Salima anapeza a Dyna akusoka fodya m'chigafa.

"Odi amayi! Khitchini yanu ija ndaikonda. Nanga musamuka liti?"

"Kusamuka? Kupita kuti?"

A Salima anagwira pakamwa. A Dyna anaika pansi ndawala ya masamba a fodya imene ankasokayo, napita kukaitana mchimwene wawo, a Vincent, amene anali mwinimbumba. Posakhalitsa anthu a m'mudzimo anadzaza pabwalo.

"Alamu," anatero a Vincent, "pano munafika ndi chikwama chimodzi. Kodi dothili linali m'chikwamamo?"

Anthu ena anaseka, koma a Mphepo anakweza mawu. "Nyumbayi ndi thukuta langa! Malata onsewa ndinagula ndine!"

A Dyna sanalire, sanatukwane. Anayankhula pang'onopang'ono, atapinda manja mwaulemu, monga anaphunzitsidwira.

"Abambo a Gladness, njerwazi tinaumba ndi dothi la pa chulu cha amayi anga, ndipo madzi ake ndinatunga ndine. Koma za malata mwanena zoona, ndi anu. Achimwene, kwerani muwasasule."

Ngakhale a Vincent anabwerera m'mbuyo.

"Mlongo, taonani kumwambaku. Mvula ili pafupi."

"Kuvumbwa ndi mvula m'nyumba mwanga kuli bwino, kusiyana ndi kugulitsidwa pamodzi ndi zitseko ine ndili m'tulo. Kwerani."

A Lajabu anavula chipewa chawo ndi kuchivalanso. "A Mphepo, mwandisandutsa wakuba pamaso pa anthu amene amagula sopo kwa ine. Mayi, mundikhululukire, sindinadziwe." Anatenga akazi awo nachoka osacheuka.

Msomali woyamba utalira pozulidwa, a Mphepo anagwada pa dothi lonyowa. Anati zinali zongoyerekeza chabe, anati lole ija ikanathandiza banja lonse, anatchula dzina la mwana wawo, anatchulanso abusa amene anadalitsa ukwati wawo. Mawu amenewa akanakhala ndi mphamvu akanawayankhula kuchipinda asanapite pa boma. Pabwalo, pamaso pa apongozi ndi matenanti a ku esiteti yoyandikana amene anaima pamsewu kuonerera, analibenso ntchito.

Pofika masana nyumba inali yapululu, mitengo ya denga ili poyera. Malata anasanjidwa bwinobwino pa ngolo, misomali yake m'chitini, osasowa ndi umodzi womwe. A Dyna anatulutsa mapepala apulasitiki ofundira fodya nayamba kuphimba bedi ndi matumba a chimanga, madontho oyamba akugwera m'chipinda chogona.

Woyendetsa ngolo anakwapula ng'ombe, kenaka anaima nafunsa, "Bambo, tilowere kuti?"

A Mphepo anayang'ana msewu wa ku boma, anayang'ananso nyumbayo.