Tinsanza ta M'phewa

Mayi wina telala ndiye anayamba kuona vutolo, poti tepi yoyezera sinama. Akuyeza mwana wake wamkazi yunifolomu yatsopano, anapeza kuti phewa lamanja lakwera ndipo mpendero wa diresi ukupendekera mbali imodzi. Mtsikanayo ankatchedwa Kasingano, chifukwa anali wowonda komanso ndiye ankalowetsera mayi ake ulusi pasingano.

Mayiyo atauza azakhali a mwanayo, iwo anangoseka. Anati ana a masiku ano amakhala ngati alibe mafupa, chikwama cha mabuku ndicho chikumulemera, ndipo akadzakula zidzawongoka zokha. Anachenjezanso kuti nkhani yotere sapita nayo pagulu, anthu angayambe kumuloza zala.

Choncho telala anachita zimene manja ake ankadziwa. Anasokera kansanza m'phewa lamanzere, natalikitsa mpendero mbali imodzi, diresi n'kukhala bwinobwino. Msana ukapindika pang'ono, iye ankawonjezera kansanza kena. Anali waluso zedi, ndipo luso lakelo linabisa matenda mpaka mwana anayamba kutalika msanga.

Kasingano ankadziwa kuti pathupi pake pali chinthu chosatchulidwa. Anasiya kusewera mpira wamanja poopa kusintha zovala anzake akuona. Nthawi yopuma ankatsala yekha m'kalasi, n'kumamvera phokoso la anzake pawindo. Kunyumba nako kunkangolira makina osokera. Mwanayo anasungulumwa kwambiri, ndipo analibe womuuza.

Tsiku lina namwino wina anabwera kudzatenga siketi yake, n'kuona kayunifolomu kopachikidwa pakhoma, mbali ina yaitali. Atafunsa, telala anayamba kuzungulirazungulira. Koma paja mwana wa mnzako ngwako yemwe. Namwinoyo anapempha Kasingano kuti awerame ngati akugwira zala zakumapazi, ndipo nthiti za mbali imodzi zinatukuka poonekera.

"Mayi, chikwama sichinalakwe, ndipo inu simunayambitse zimenezi," anatero namwinoyo. "Msana wa ana ena umapindikira m'mbali, ndipo kupindikako kumathamanga kwambiri pamene mwana akutalika. Ukaoneka msanga, achipatala amautsatira. Ena amawaveka chovala cholimba chougwira kuti usapitirire. Mukachedwa, kumatsala opaleshoni. Mupite naye mawa lomwe."

Kuchipatala anamujambula msana. Dokotala anawauza mosabisa kuti afika nthawi itatsala pang'ono kutha. Kupindikako sikudzachokeratu, koma kungathe kuima ngati mtsikanayo avala chogwira msanacho pafupifupi tsiku lonse mpaka atasiya kukula.

Chovalacho chinali cha pulasitiki, chotentha, ndipo chinkagogoda pampando iye akamakhala. Kusukulu wina anamutcha kamba, kalasi yonse n'kuseka. Kasingano anafika kunyumba maso ali ofiira.

"Amayi, ndizichisiya pakhomo. Madiresi akale aja ankandibisa bwino."

Mayi ake anatenga lumo, natumbula mapewa a madiresi onse, tinsanza n'kugwera pansi pa makina. Kenako anamumangirira malamba a chovalacho ndi manja awo.

"Ukalire uli nacho, mwanangu. Ine ndizikudikira pageti ukamaweruka."

Ankamudikiradi. Zaka zimenezo zinali zazitali, ndipo anzake anali ochepa. Koma pa ulendo uliwonse wa kuchipatala chithunzi chinkaonetsa kuti msana waima pomwe unali. Atasiya kukula, dokotala anamulola kuvula chovalacho, ndipo opaleshoni sinafunikenso.

Lero Kasingano ndi mayi wa ana, ndipo makina aja ndi ake. Phewa lamanja likadali lokwera pang'ono, msana umamuwawa akakhalitsa, koma amagwira ntchito ndi kuyenda ngati wina aliyense. Madiresi ake sawaika kansanza.

Posachedwapa mayi wina anabwera ndi mwana wake kudzasoketsa yunifolomu. Ananong'ona kuti angomutalikitsirako mbali imodzi, poti madiresi onse amamupendekera. Kasingano anayang'ana kamtsikanako, kamene kanali kataima pakona maso ali pansi. Anaika tepi pathebulo.

"Tisoka, mayi, musadandaule. Koma iwe mwanangu, tabwera kuno. Tawerama kaye."

Phunziro: Mwana akakhala ndi phewa lokwera, chiuno chopendekera kapena nthiti zotukuka mbali imodzi akawerama, pitani naye kuchipatala akadali kukula. Si mlandu wa kholo kapena wa mwana, ndipo ambiri othandizidwa msanga amakhala moyo wabwinobwino. Pa nthawi ya chithandizo, musamusiye yekha.