Dzanja la pa Katoni

Zelifa ankasesa kuseri kwa chitseko pamene tsache linakola katoni. Linali tsiku lometa, anthu a pamaliro atayamba kubalalika, ndipo katundu wa Princess, mng'ono wakeyo, anali ataunjikidwa kale pabwalo. Zovala zabwino zinali zoti zigawidwe. Mphasa imene anamwalirapo, bulangete ndi tinsanza tina, zimenezo zinali zamoto.

Anatembenuza katoniyo kuti aone.

Princess anajambulapo kabati yodzaza mabuku, yokhoma ndi loko wamkulu ngati mutu wa mwana. Kwakuda anapaka makala, kofiira dothi la kumtsinje. Pa lokopo panali dzanja. Ndiye dzanjalo, abale inu, chala cholozera chinali chodukira pakati. Ku Nazombe konse ndani sadziwa chala cha a Makina, bambo awo, chimene chinapita ndi chikwanje?

Paja nkhani yake inali yotere. Chaka chatha mtsikana wina wa Sitandade 8 anatenga mimba, komiti ya sukulu n'kunena kuti achititsa ndi mabuku aja anabwera ndi a bungwe, ati muli zithunzi za thupi ndi nkhani zachikondi. Mudzi wonse unkadziwa kuti mimbayo ndi ya wakabaza wina, koma aliyense anangoti zii. A Makina, wapampando wa komitiyo komanso mkulu wa mpingo, anakhoma kabati yonse, ndi mabuku a nyenyezi ndi a nsomba omwe, kiyi n'kuponya m'thumba. Princess atapezeka ndi limodzi pansi pa dengu la ufa, bukulo linapsa, iye n'kulawa lamba. Sanalire. Malungo anadzamutenga mwezi womwe ankakonzekera mpikisano wa zojambula wa ku Boma.

Zelifa anayesa kuifunditsa chitenje, koma katoni ibisika? Atangotuluka nayo panja, Madamu Mervis, aphunzitsi a Princess amene anabwera kudzapepesa, anaiona.

"Ndi imeneyo! Anandiuza kuti watsala pang'ono kumaliza. Bambo, ndiloleni ndipite nayo ku mpikisano, dzina la mwanayu likamveke."

A Makina anayang'ana chithunzicho, n'kulowetsa dzanja lawo m'thumba.

"Ikani pamphasapo."

"Ababa, simphasa iyi," anatero Zelifa. "Sanagonerepo."

"Iwe, ndakufunsa? Mwana wapita akundinyoza, ndiye mukufuna Phalombe yense akandiwerenge zala?"

A Julius, amalume awo a anawo, anatsokomola ali pampando.

"Alamu, pepani. Pano ndinu mkamwini. Katundu wa mwana ndi wa mbumba, wonena ndine."

Zelifa anapumako. Koma a Julius, aliyense amawadziwa, ndi munthu woti akaona mkangano amayamba kufuna njinga yake. Anakanda m'mutu mongometedwamo.

"Komabe chinthu chonyoza kholo sichisungidwa pakhomo. Ndipo za womwalira zisamayende m'maofesi. Chipse, tithane nazo."

Analanda katoni ija m'manja mwa Zelifa, n'kuiponya pamwamba pa bulangete. Machesi anapatsa a Makina. Zelifa anangoti maso pa katonipo. Princess analibe chithunzi ngakhale chimodzi cha nkhope yake. Katoni ikapsa, chotsala n'chiyani? Siketi ziwiri zokavala ana a eni?

Apo ndi pamene a Anastazia, mayi awo, anadzuka pakhonde. Chiikireni maliro anali asanayankhule ndi munthu, phala lomwe ankangoliyang'ana. Anayenda pang'onopang'ono, mpango utagwera m'khosi, nagwada pambali pa mulu uja. Anaika chala pa zilembo zimene zinali m'munsi mwa kabati yojambulidwayo.

"Ti... tse... gu... li... re... ni," anatero. "Ti... fu... na... ku... we... re... nga."

Azimayi amene ankatsuka miphika kuseri anasiya, n'kusuzumira. A Anastazia sanapondeko pasukulu. Pa chisankho ankadinda ndi chala, ndipo kutchalitchi buku lanyimbo ankangoligwirira ulemu.

"Mwaphunzira liti zimenezi?" anafunsa a Makina, mawu atatsika.

"Kudimba. Tikamapuma Princess ankandilembera pansi ndi kamtengo. Tikakuonani mukubwera, tinkafufuta ndi phazi." Chala chawo chinali chikadali pa zilembo zomaliza, zopindikapindika, zazikulu kuposa zinzake. "Izi ndinalemba ndine. Dzanja lake linali litayamba kunjenjemera. Ndiye ngati mukufuna wonyoza, ndilipo."

A Julius anayang'ana kuphiri, ngati kuli chachilendo.

"Achemwali anena," anatero.

A Anastazia anachotsa katoni pamulupo. Kenako a Makina anayatsa machesi aja. Mphasa inagwira msanga, bulangete linkangofuka utsi wonunkha. Kiyi wa kabati sanamutchule, ndipo palibe anawafunsa.

Mayiwo anauzira fumbi la pa katoni ndi pakamwa, kuopa kuti akapukuta afufuta makala. Anaipereka kwa Madamu Mervis ndi manja awiri.

"Mukaiike pamwamba. Mwana wanga anali wamfupi, ankadana ndi kutchingidwa."

Anabwerera pakhonde, nakhala pansi. Zelifa anakhala pambali pawo. Utsi ukudutsa, anawaona akutambasula chala pa dothi, n'kulemba P wamkulu, wopendekera. Mayiwo anayang'ana chilembocho nthawi yaitali, mapazi atawapinda kutali.